Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyendetsa nyumba yosungiramo ndege zakale m'chigawo chathu

Olemekezeka a Wapampando, mamembala onse a bodi, ndi inu a Mkulu oyang'anira ntchito za tsiku ndi tsiku,

Ndikupatsani moni mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya sekondale, mmodzi mwa aphunzitsi amene akhala akubwera ndi ana kumyuziyamu yanu chaka ndi chaka. Zimene ndilembe pano tinakambirana ndi aphunzitsi anzanga, makolo ena, komanso madala amene anagwirapo ntchito yokonza ndege ndipo akhala akukuthandizani osalandira kanthu. Tinayamba ndi kukulemberani mwakachetechete, monga umo ulemu umafunira, koma yankho silinabwere. Titapempha kuti tikumane nanu, tinauzidwa kuti bodi inagamula kale ndipo palibenso chokambirana. N'chifukwa chake tasankha kuyankhula poyera, kuti eni ake enieni a chuma chimenechi, amene ndi anthu onse a m'chigawo chino, amve nawo.

Tisanadandaule, tithokoze kaye. Tikudziwa kuti ambiri mwa inu mumakhala pa bodi mongodzipereka. Tikudziwanso kuti myuziyamu ya m'chigawo siyenda ndi thumba lalikulu ngati myuziyamu za m'malikulu a mayiko, ndipo magetsi, alonda, inshuwalansi ndi denga lodontha zonse zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Palibe amene akukuganizirani zoipa. Chimene chatidetsa nkhawa ndi mfundo zinayi zimene mwalengeza pa nthawi imodzi: kutulutsa ndege zikuluzikulu m'shedi kuti shediyo izibwerekedwa ndi ochita maphwando ndi misonkhano, kuimitsa maulendo a ana asukulu m'kati mwa sabata, kuthetsa ntchito ya katswiri wosamalira zosungidwa pamodzi ndi gulu la ongodzipereka, ndiponso kugulitsa ndege ya Viscount kwa ogula zitsulo zakutha. Myuziyamu ili ndi ntchito ziwiri, kusunga ndi kuphunzitsa. Mfundo zinayizi zagwira zonse ziwiri pakhosi.

Dandaulo loyamba ndi la ndege zimene mwaziimika panja. Tamva ena akunena kuti ndege inapangidwa kuti iziuluka pamvula ndi padzuwa, ndiye kukhala pabwalo kungaichite chiyani? Funsoli limamveka lanzeru, koma likuiwala chinthu chimodzi. Ndege imene ikugwira ntchito imatsukidwa, imatsegulidwa n'kuyenderedwa ndi amisiri nthawi ndi nthawi, injini zake zimatentha n'kuumitsa chinyontho, ndipo chilichonse chikangoyamba kuwonongeka amachisintha. Ndege yoima pamalo amodzi ilibe mwayi umenewu. Madzi amalowera m'mphira wa m'mawindo ndi m'molumikizira malata, n'kutsetserekera kumimba kwa ndegeyo. Kumeneko kuli timabowo totulutsira madzi, koma fumbi, masamba ndi udzu wa zisa za mbalame zikatitseka, madziwo amadikha mkati miyezi.

Dzimbiri la ndege ndi lachinyengo, chifukwa silifiira ngati la khasu kuti munthu aliwonere patali. Aluminiyamu akamadyeka amasanduka ufa woyera kapena wotuwa, ndipo nthawi zambiri zimayambira pansi pa penti. Pamene bawuti yachitsulo yakhudzana ndi aluminiyamu, chinyontho chikafikapo, aluminiyamuyo amadyeka mofulumira kwambiri kuposa akanakhala payekha. Zipangizo za magineziyamu, monga zina za m'magudumu, ndiye zimatha msanga kuposa zonse. Ndowe za mbalame zimadya penti. Dzuwa limachititsa pulasitiki wa m'mawindo kuchita timing'alu mpaka kuyera ngati chifunga. Ndikupempheni, a Wapampando, tsiku lina mukadzafika musadzathere pakhomo la ofesi. Mudzapite pamene paima ndege ya Dakota, mudzagwade pansi pa mimba yake cha kumchira, kufupi ndi kagudumu kakang'ono kakumbuyo. Mudzaona penti atatupa timatuza motsatira mzere wa misomali. Mukadina ndi chala kamodzi, kathuza kamaphulika ndipo chala chimabwerako ndi ufa woyera. Ufa umenewo ndi thupi la ndegeyo.

Pa Dakota pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Ngakhale kuti thupi lake ndi lachitsulo, chiwongolero cha kumchira ndi timapiko tosuntha ta m'mphepete mwa mapiko ndi zokutidwa ndi nsalu yopakidwa mankhwala oumitsa. Nsalu imeneyi ikakhala padzuwa imafumbwa, ndipo mphepo yamkuntho ikawomba imang'ambika n'kusiya nthiti zili pamtunda. Iyi ndi ndege ya mtundu wa Douglas DC-3, umene unauluka koyamba pa 17 Disembala 1935. Pophatikiza za asilikali ndi zimene zinapangidwa m'mayiko ena, zinapangidwa zoposa 16,000, ndipo ndi mtundu umene unafikitsa makalata, mankhwala ndi anthu m'madera amene munalibe misewu yabwino, chifukwa umatha kutera pabwalo ladothi. Fakitale yake inatseka kalekale. Yathuyi ikatha, kulibe kokagula ina yatsopano.

Zoterezi zinachitikapo kwina. Ku Blackpool, m'dziko la England, ndege yankhondo yaikulu ya mtundu wa Avro Vulcan inaimikidwa panja pafupi ndi nyanja kuyambira 1983. Mphepo yamchere inaidya pang'onopang'ono mpaka palibe amene akanathanso kuisuntha bwinobwino, ndipo mu Januwale 2006 inaphwanyidwa ndi makina n'kutengedwa ngati zitsulo zakutha. Mwina wina anganene kuti nanga bwanji ku Tucson, ku Arizona m'dziko la America, ndege mazanamazana zimakhala panja, pa Pima Air & Space Museum ndi pabwalo la asilikali la Davis-Monthan? Kumeneko ndi kuchipululu, mvula ndi yochepa, mpweya ndi wouma, ndipo malowo anasankhidwa dala pa chifukwa chimenecho. Ngakhale kumeneko amamata mawindo ndi mabowo a ndege zosungidwa kuti dzuwa ndi fumbi zisalowe. Myuziyamu zina zimalimbana zaka ndi zaka kusonkhanitsa ndalama kuti ndege zawo zilowe pansi pa denga. Kumyuziyamu ya ku Duxford, ku England, anatsegula nyumba yatsopano mu 1997 imene inalowetsa mkati ngakhale chindege cha B-52. Ife denga tili nalo kale, ndipo tikutulutsamo ndege kuti mulowe mipando ndi matebulo.

Dandaulo lachiwiri ndi la moto. Ndege zing'onozing'ono, kuphatikizapo Tiger Moth, mwazisiya m'shedi momwemo, mwangozikankhira kukona n'kutchinga ndi chingwe. Tiger Moth, imene inauluka koyamba mu 1931 ndipo inaphunzitsa oyendetsa ndege ambirimbiri pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mapiko ake ndi amatabwa okutidwa ndi nsalu. Mankhwala amene ankapaka pansalu za ndege zakale, makamaka a mtundu wa nitrate, amayaka mofulumira koopsa. Tsopano m'chipinda chomwecho mukhale masitovu a gasi otenthetsera zakudya, makandulo okongoletsera, nthambo zamagetsi zolumikizalumikiza za oimba, ndi alendo amene ena mwa iwo sangalephere kuyatsa fodya pakona yobisika. Zozimitsira moto zimene zili pakhoma, chizindikiro chake chikuonetsa kuti nthawi yoziyendera inadutsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 22 Febuluwale 1978, myuziyamu ya ndege ya ku San Diego inapsa ndi moto wochita kuyatsidwa, ndipo ndege zoposa 50 zinatheratu pamodzi ndi laibulale yake. Pa 15 Febuluwale 1993, moto unagwira shedi ya Canadian Warplane Heritage Museum ku Hamilton, ndipo ndege 5 zinapsa, mwa izo Spitfire ndi Hurricane. Pa 9 Okutobala 2004, shedi yamatabwa ya Yankee Air Museum ku Willow Run, m'chigawo cha Michigan, inapsa mpaka phulusa. Imeneyi inali myuziyamu ya m'chigawo ngati yathuyi, yoyendetsedwa kwambiri ndi anthu ongodzipereka. Ndege 8 zinapita pamodzi ndi zithunzi, mayunifolomu ndi mapepala ambirimbiri. Koma ndege zitatu zikuluzikulu, B-17, B-25 ndi C-47, zinapulumuka chifukwa panali anthu ongodzipereka amene ankazidziwa bwino, ndipo anazikokera panja moto ukuyaka. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa anthu a mtundu womwewo ndi amene inu mwawauza kuti asabwerenso.

Pa nkhani yomweyi pali mapepala. Pofuna kupeza malo a khitchini ya ochita maphwando, munachotsa m'chipinda chosungiramo zolemba makatoni onse n'kuwaika m'kontena yachitsulo kuseri kwa shedi. M'makatoni amenewo muli mabuku olembamo maulendo ndi kukonzedwa kwa ndege iliyonse, mapu akale a oyendetsa ndege, zithunzi, ndi makalata amene mabanja anapereka okondedwa awo atamwalira. Kontena masana imatentha ngati uvuni, usiku imachita thukuta. Zithunzi zimamatana, inki imafufuta, chiswe ndi makoswe zimamaliza zotsala. Ndege yopanda mabuku ake imangokhala chitsulo chopentedwa. Mabukuwo ndi amene amatiuza kuti tsiku lakutilakuti inanyamula wodwala usiku, kapena kuti injini yakumanzere inazima ili m'mwamba ndipo woyendetsa anatera bwino ndi imodzi. Palibe ngakhale limodzi mwa mabuku amenewa limene linajambulidwa n'kusungidwa pakompyuta.

Dandaulo lachitatu ndi limene landipweteka kwambiri ineyo ngati mphunzitsi. Mwanena kuti maulendo a sukulu sabweretsa phindu, ndipo ana angathe kubwera ndi makolo awo Loweruka ndi Lamlungu. Tiyeni tinene zoona. Mwana amene makolo ake ali ndi galimoto ndi nthawi, abweradi. Koma ana ambiri amene ine ndimaphunzitsa, khomo lokhalo lolowera kumyuziyamu ndi ulendo wa sukulu. Mukatseka khomo limenelo, mwasankha ana oti aone ndege ndi ana oti azingoimva ikudutsa kumwamba.

M'kalasi ndimajambula pabolodi mivi inayi: kulemera kokokera ndege pansi, mphamvu ya mapiko yoikweza, mphamvu ya injini yoikankhira kutsogolo, ndi mphepo yoibweza m'mbuyo. Ana amalemba, amaloweza, ena amakhoza mayeso. Koma kumvetsa kumabwera pamene mwana wakhala m'kampando ka ndege yopanda injini ija imene inali pakati pa shedi, wagwira ndodo yowongolera. Mmodzi wa madala ongodzipereka ankamuuza kuti, "Kankhira kumanzere, ndiye ucheuke uone phiko." Mwanayo amakankha, ndipo kaphiko kakumanzere kamadzuka pamene kakumanja kakutsika. Amabweza, amakankhanso, kenako amaitana mnzake kuti adzaone. Akatero amawerama kufunafuna kuti chikukoka n'chiyani, mpaka apeze nthambo yachitsulo ikudutsa pakagudumu pansi pa mpando. Palibe amene wamuuza kuti afufuze. Vidiyo ya pafoni singachite zimenezi, chifukwa mwana sangamve kulemera kwa nthamboyo m'dzanja lake.

Ndipo sikuti ana amangophunzira za mphepo ndi mapiko. Pali nkhani zimene zimalowa bwino m'mutu munthu ataima pafupi ndi ndege yeniyeni. Pa 30 Okutobala 1935, ndege yatsopano ya Boeing yotchedwa Model 299 inagwa itangonyamuka pabwalo la Wright Field, ku Ohio, ikuyendetsedwa ndi akatswiri. Choyambitsa chinali chaching'ono: anaiwala kumasula loko amene amagwira ziwongolero ndege ikaima pansi. Kuchokera pa ngozi imeneyo kunakhazikika mchitidwe woti oyendetsa ndege aziwerenga mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke, ndipo lero madokotala ochita opaleshoni nawonso amagwiritsa ntchito nzeru yomweyo. Palinso nkhani ya de Havilland Comet, ndege yoyamba ya jeti yonyamula anthu, imene inayamba ulendo wa London kupita ku Johannesburg mu Meyi 1952. Mu 1954 ziwiri zinasweka zili m'mwamba. Akatswiri ofufuza za ndege a ku Farnborough, ku England, anamiza thupi la Comet ina m'thanki yaikulu yamadzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa kambirimbiri mpaka linang'ambika. Anapeza kuti chitsulo chimatopa chikamakokedwa ndi kubwerera mobwerezabwereza, ndipo mng'alu umayambira pamakona a mabowo odulidwa m'thupi la ndege. Mwana akamva zimenezi, kenako n'kuyang'ana mawindo ozungulira a Viscount yathu, amayamba kufunsa mafunso amene mainjiniya amafunsa.

Atsikana nawonso pali chimene amatenga. Pakhoma lakumanja panali chithunzi cha Bessie Coleman, mayi wachikuda wa ku America amene sukulu zoyendetsa ndege za kwawo zinamukana chifukwa cha khungu lake komanso chifukwa anali mkazi. Anaphunzira Chifalansa, anawoloka nyanja, ndipo mu 1921 analandira laisensi yake ku France. Atsikana a m'kalasi mwanga ankaima nthawi yaitali pachithunzi chimenecho. Pano chinachotsedwa kuti khomalo lipentedwe loyera, lizigwirizana ndi zokongoletsa za maphwando.

Tisaiwalenso kuti kuseri kwa woyendetsa ndege aliyense kuli amisiri a injini, a zamagetsi, a mawailesi, owongolera ndege ali pansi, oona zanyengo ndi ozimitsa moto. Mwana sangalakelake ntchito imene sanaionepo. Bungwe la Experimental Aircraft Association la ku America linazindikira zimenezi, ndipo kuyambira 1992 pulogalamu yake ya Young Eagles yakweza ana oposa 2 miliyoni m'ndege zing'onozing'ono kwaulere, oyendetsa ake ali ongodzipereka. Ife sitikupempha zazikulu choncho. Tikungopempha kuti chitseko chikhale chotsegula Lachiwiri m'mawa.

Dandaulo lachinayi ndi la anthu. Mwathetsa ntchito ya katswiri wosamalira zosungidwa, ndipo ongodzipereka mwawalembera kalata ya mizere itatu yowauza kuti chifukwa cha inshuwalansi asamagwirenso ndege. Ena mwa madala amenewa anathera moyo wawo wonse m'mashedi a ndege. Iwo ndi amene amadziwa kuti injini ya Pratt & Whitney ya pa Dakota, ya masilinda 14 oyalidwa mozungulira m'mizere iwiri, imafuna kuthiridwa mafuta oteteza ndi kupukusidwa ndi manja nthawi ndi nthawi kuti isagwirane mkati. Amadziwa kuti ndege yoima imafuna kuikidwa pazochirikiza kuti matayala asaphwanyike ndi kulemera. Amadziwa kusoka nsalu panthiti za phiko, mfundo ndi mfundo, luso limene masiku ano amisiri achinyamata ambiri sakumana nalo. Nzeru zimenezi zambiri sizinalembedwe paliponse, zili m'mitu ndi m'manja mwawo, ndipo ambiri a iwo ndi okalamba. Chaka chilichonse chimene akhala kunyumba ndi chaka chimene wachinyamata akanaima pambali pawo n'kumaphunzira. Ngati vuto ndi inshuwalansi, myuziyamu zambiri padziko lapansi zimagwira ntchito ndi ongodzipereka ndipo zinapeza njira. Mukanawaitana n'kukhala nawo pansi.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chikukhudza moyo wa alendo anu. Mawotchi ndi zoyezera za m'ndege zambiri zakale, makamaka za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi zaka zotsatira, manambala ake ankapakidwa penti wosakaniza ndi radium, chinthu chotulutsa cheza choopsa m'thupi la munthu, kuti aziwala usiku. Kuwalako kunatha kale, koma radium amatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka. Galasi likakhala lathunthu ngozi ndi yochepa, koma likasweka, fumbi la pentiyo ndi loopsa munthu akalipuma kapena kulimeza. M'ndege zina zakale mulinso asibesitosi, chotchingira kutentha chimene fumbi lake limawononga mapapo, mozungulira mapaipi otentha. Katswiri amene mwamuchotsa uja ankadziwa chipangizo chilichonse chimene chili ndi vutoli ndipo ankachisunga mokhoma. Lero zipangizo zina zoterezi zili m'katoni yotsegula pashelefu, m'shedi momwe muzidzadyera anthu ndi kuthamangathamanga ana. Ndani pakati pa ogwira ntchito otsalawo angazizindikire?

Dandaulo lachisanu ndi la Viscount. Ndege ya mtundu umenewu, ya kampani ya Vickers, inauluka koyamba mu 1948, ndipo mu 1953 inayamba maulendo okhazikika. Inali yoyamba padziko lonse kunyamula anthu pogwiritsa ntchito injini za turboprop, zimene ndi injini za mtundu wa jeti zopukusa pulopela. Anthu achikulire amaikumbukira ndi kulira kwake kwa likhweru kwa injini za Rolls-Royce Dart. Kwa mabanja ambiri a m'chigawo chino, imeneyi ndi ndege imene agogo awo anakwera koyamba. Inaperekedwa kumyuziyamu ngati mphatso, ndipo opereka anakhulupirira kuti yafika m'manja osunga.

Tikuvomereza kuti myuziyamu ili ndi ufulu wochotsa chinthu pa zosungidwa zake, ndipo nthawi zina ndi koyenera. Koma pali njira yake. Malamulo a kakhalidwe a bungwe la International Council of Museums, limene linakhazikitsidwa mu 1946, amanena kuti zosungidwa m'myuziyamu zimasungidwa m'malo mwa anthu onse ndipo siziyenera kuonedwa ngati katundu wopezera ndalama. Amanenanso kuti ndalama zochokera pa chinthu chimene chachotsedwa zizigwira ntchito yopindulira zosungidwazo basi, ndipo amayembekezera kuti chinthucho chiyambe chaperekedwa kwa myuziyamu ina. Kodi munalembera myuziyamu ina iliyonse? Kodi munafunsa amene anapereka ndegeyo? Kodi pali lipoti la mmisiri lonena kuti singapulumutsidwe? Ngati lilipo, tionetseni. Ngati thupi lonse lawonongeka, mbali yakutsogolo yokhala ndi chipinda cha oyendetsa ingathe kudulidwa n'kulowa m'shedi, monga zachitikira m'myuziyamu zambiri.

Chimene chikuoneka ngati chitsulo chakutha lero si nthawi zonse chimakhala chotero. Ndege ya Wilbur ndi Orville Wright, abale awiri a ku America amene anayamba kuulutsa ndege ya injini, imene inauluka masekondi 12 pa 17 Disembala 1903, inakhala zaka zambiri ili yophwasula m'mabokosi ku Dayton. Pa chigumula cha 1913 mabokosiwo anamira m'madzi ndi matope. Akanakhala munthu wina akanangotaya. Orville anaisunga, anaikonza, mu 1928 anaitumiza ku Science Museum ku London, ndipo mu 1948 inabwerera ku America kukalowa kumyuziyamu ya Smithsonian, kumene anthu ochokera m'mayiko onse amapita kukaiona.

Pa za ndalama sitikukutsutsani kuti zikufunika. Sitikukananso maphwando. Myuziyamu zambiri za ndege zimachititsa maukwati ndi misonkhano pansi pa mapiko a ndege zawo, ndipo anthu amasankha malowo chifukwa cha ndegezo. Shedi yopanda ndege ndi holo wamba, yofanana ndi maholo ena onse amene mukapikisane nawo. Chofunika ndi malamulo okhwima: moto wa mtundu uliwonse ayi, kuphika kuchitikire panja, ndipo pakhale wogwira ntchito wa myuziyamu woyang'anira mpaka mlendo womaliza atatuluka. Palinso njira zina zimene simunayese. Makoleji a zaumisiri amafuna malo ophunzitsira ana awo ndi manja. Makampani a ndege ndi oyendetsa mabwalo a ndege amafuna achinyamata odzalowa ntchito zawo mawa. Mabanja ndi magulu angathe kutenga ndege imodzi n'kumaisamalira ngati yawo. Koma palibe amene angapereke thandizo asakudziwa kukula kwa dzenje, ndipo malipoti a zachuma simunawatulutse poyera.

Choncho tikupempha, mwaulemu koma motsindika, zinthu izi:

1. Muimitse kugulitsidwa kwa Viscount mpaka mmisiri wodziimira payekha ataiyendera, lipoti lake litatulutsidwa poyera, ndiponso myuziyamu zina ndi amene anaipereka atafunsidwa.

2. Dakota ndi ndege zina zimene zinatulutsidwa zibwerere m'shedi mvula isanayambe. Podikira zimenezo, mawindo ndi mabowo a injini atsekedwe, timabowo totulutsira madzi titsegulidwe, ndipo ziwongolero zimangidwe kuti mphepo isazimenyetse.

3. Phwando lililonse liyambe laima mpaka a zozimitsa moto atayendera shediyo, zozimitsira moto zitakonzedwa, ndipo malamulo a alendo atalembedwa.

4. Makatoni a mabuku ndi zithunzi achotsedwe m'kontena sabata ino, aikidwe m'chipinda chouma ndi chozizira. Aphunzitsi ndi ana a makalasi akuluakulu tili okonzeka kuthandiza kujambula tsamba lililonse n'kulisunga pakompyuta, moyang'aniridwa ndi munthu wodziwa.

5. Zipangizo zonse zimene zingakhale ndi radium kapena asibesitosi zikhomeredwe lero lomwe, ndipo muitane akatswiri ovomerezeka adzaziyeze.

6. Maulendo a sukulu abwerere, ngakhale atakhala masiku awiri okha pasabata.

7. Ongodzipereka muwaitane, muwapepese chifukwa cha mmene kalata ija inalembedwera, ndipo mukambirane nawo za inshuwalansi. Ntchito ya katswiri wosamalira zosungidwa ibwezeretsedwe, ngakhale itayamba ya masiku ochepa pasabata.

8. Mutulutse poyera malipoti a zachuma a zaka zitatu zapitazi, maminitsi a msonkhano umene unagamula mfundo zinayi zija, ndi mgwirizano umene mwasainirana ndi obwereka shedi, kenako muitanitse msonkhano wa anthu onse.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30, ndipo tidzalifalitsa lonse, osachotsapo liwu, m'malo momwe kalatayi yafalitsidwa. Kwa inu owerenga, ngati munapitako muli mwana, ngati mwana wanu anapitako, kapena ngati banja lanu linaperekako chithunzi, yunifolomu kapena buku la malemu, tumizirani anzanu kalatayi, ndipo lemberani bodi mufunse kuti chimene munaperekacho chili kuti pakali pano.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa sayansi, m'malo mwa aphunzitsi, makolo ndi ongodzipereka amene tinakambirana za kalatayi